Buleki Ili ndi Polekezera: Malangizo kwa Ophunzira Fizikisi ndi Akabaza a ku Phalombe

Tsiku lina mu Novembala, mvula yoyamba itangowaza, ndidakwera njinga yamoto ya kabaza kuchokera pa Migowi kupita pa boma. Tili pakati pa ulendo, mbuzi idangoti tulukiru kuchokera m'mbali mwa msewu. Mnyamata woyendetsa adaponda buleki yakumbuyo ndi mtima wake wonse. Tayala lidasiya kuzungulira, njinga idayamba kukhukhuluzika cham'mbali, ndipo tidakathera m'ngalande mbuzi itawoloka kale. Zidavulala ndi thalauza langa ndi chigongono chake basi. Akupukuta matope adati, "Aphunzitsi, buleki ndinamanga ine, koma njingayi yakana."

Sadaname. Buleki adamangadi, ndipo phazi lake ndidaliona likutsika. Chimene samachidziwa, chimenenso ophunzira anga ambiri amachilemba pa mayeso osachikhulupirira, n'chakuti mphamvu ya buleki ili ndi polekezera pamene mtunda woimira umakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo. Mawu oti kuthamanga sikufika tonse timawadziwa, koma mawuwo satiuza kuti ndi mamita angati. Malangizo ano ndi a mamitawo. Ndawalembera ophunzira a Fomu 3 ndi 4 amene akukonzekera MSCE, aphunzitsi anzanga amene alibe labu, ndi aliyense amene amadyera msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale.

Chenjezo limodzi tisanayambe. M'Chichewa force timati mphamvu, energy timati mphamvu, power timatinso mphamvu, ndipo ana ambiri amasokonezekera pomwepa. Muno, ndikati mphamvu ndikunena kukankha kapena kukoka, koyezedwa m'ma newton. Inayo ndiziti enaje, yoyezedwa m'ma joule.

1. Gawani mtunda woimira pawiri

Mwana akadumphira mumsewu, galimoto siyamba kuima nthawi yomweyo. Maso amaona, mutu umatanthauzira, kenako phazi limachoka pa moto kupita pa buleki. Nthawi yonseyi galimoto ikuyendabe pa liwiro lake lomwe lija. Mtunda umenewu m'buku amautcha thinking distance, ndipo timaupeza pochulukitsa liwiro ndi nthawi imene woyendetsa watenga asanaponde buleki. Buleki ikagwira ndiye pamayamba mtunda wachiwiri, braking distance, mpaka galimoto itaima nji. Mukaphatikiza iwiriyi mwapeza stopping distance.

Kumbukirani kuti mphamvu ya buleki imakhudza gawo lachiwiri lokha. Mutagula mabuleki atsopano lero, gawo loyamba silifupika ndi sentimita ndi imodzi yomwe. Limafupika woyendetsa akakhala maso, limatalika akatopa, akamwa mowa, kapena akapanikiza foni pakati pa khutu ndi phewa monga timaonera tsiku lililonse.

2. Yezani changu cha dzanja lanu ndi lula

Tengani lula ya masentimita 30. Mnzanu aigwire kumwamba, inu muike chala chachikulu ndi chamkombaphala pa ziro osaikhudza. Aisiye mosakuchenjezani, inu muiwakhe. Mukaigwira pa masentimita 11, mwatenga masekondi 0.15. Pa masentimita 20 ndi masekondi 0.2. Ikakupulumukani yonse, mwapitirira masekondi 0.25. Manambalawa akuchokera pa s = ½gt², titatenga g kukhala 10.

Bwerezani, koma tsopano muzitchula thebulo la 7 chobwerera m'mbuyo pamene mukudikira. M'kalasi mwanga pamenepa ndi pamene malula amagwa pansi ngati mango a mu Disembala.

Musanyengedwe ndi 0.2 ija. Pa masewerawa mukudziwa chimene chikubwera ndipo zala zili kale pamalo. Pamsewu mbuzi sikuuzani, ndipo woyendetsa wamba amatenga sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka. M'masamu onse otsatirawa nditenga sekondi imodzi, komwe n'kumukomera mtima woyendetsayo.

3. Sinthani makilomita pa ola kukhala mamita pa sekondi

Gawani ndi 3.6. Makilomita 18 pa ola ndi mamita 5 pa sekondi, 36 ndi 10, 54 ndi 15, 72 ndi 20, ndipo 90 ndi 25. Ophunzira, mukaiwala sitepe iyi yankho lonse lawonongeka. Akabaza, tanthauzo lake n'lakuti pa 72 njinga imadutsa utali wa maminibasi anayi inu musanakhudze n'komwe buleki.

4. Dziwani chimene mphamvu ya buleki imachita

Isaac Newton adalemba m'buku lake la Principia mu 1687 kuti chinthu choyenda chimapitirira kuyenda pokhapokha mphamvu ina itachiletsa, ndipo lamulo lake lachiwiri lero timalilemba kuti F = ma. Chinthu choyenda chili ndi enaje yokwana ½mv², pomwe m ndi kulemera kwake ndipo v ndi liwiro. Kuti chiime, enaje yonseyo iyenera kuchotsedwa, ndipo buleki imaichotsa pang'onopang'ono pa mita iliyonse imene ikugwira. Ndiye kuti mphamvu ya buleki kuchulukitsa ndi mtunda n'chimodzimodzi ndi ½mv², kapena kuti d = mv² ÷ 2F.

Ganizirani ngongole ya feteleza imene mukubweza ndi matumba a chimanga. Ngongoleyo ndi enaje. Matumba amene mumapereka pa chaka ndi mphamvu ya buleki. Zaka zimene zidzakutengereni ndi mtunda. Mukamapereka theka, zaka zimawirikiza.

Nachi chitsanzo cha mtundu umene umabwera pa mayeso. Galimoto ya makilogalamu 1,200 ikuyenda mamita 20 pa sekondi, ndipo mphamvu ya buleki ndi 6,000 N. Enaje yake ndi ½ × 1,200 × 20 × 20, imene ndi 240,000 J. Gawani ndi 6,000 mupeza mamita 40. Njira ina: a = 6,000 ÷ 1,200 = 5, ndipo v² = u² + 2as ikupatsani 0 = 400 − 10s, s = 40. Njira yachitatu ndi ya girafu ya liwiro ndi nthawi: galimoto iima m'masekondi 4, ndipo malo a pansi pa mzere ndi ½ × 4 × 20, omwenso ndi 40. Phunzirani njira zonse zitatu, imodzi yopezera yankho, ina yotsimikizira. Osaiwala chizindikiro chochotsera pa a, chifukwa galimoto ikuchepetsa liwiro. Ndachongapo mapepala ambiri a ana anzeru amene adataya malikisi pa kachizindikiro kameneka.

Tsopano mabuleki agalimoto yomweyo athe, mphamvu itsike kufika 3,000 N. Mtunda ukhala mamita 80. Mphamvu ikachepa ndi theka, mtunda umawirikiza kawiri.

5. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa buleki umawirikiza kanayi

Ka 2 kakang'ono kokhala pamwamba pa v kaja ndiko kamadzaza zipatala. Mu 1722 katswiri wa ku Leiden m'dziko la Netherlands, Willem 's Gravesande, ankagwetsa mipira ya chitsulo pa dongo lofewa n'kumayeza dzenje. Adapeza kuti mpira wofika pa dongo ndi liwiro lowirikiza kawiri umakumba kanayi, wa liwiro lowirikiza katatu umakumba kasanu ndi kanayi. Émilie du Châtelet wa ku France adagwiritsa ntchito zotsatirazi posonyeza kuti chofunika ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Dongo loumbira miphika kuno sitisowa, ndipo kalasi ikhoza kuyesa zomwezi ndi beringi yakutha ya njinga.

Pa galimoto ya 6,000 N ija, pa mamita 10 pa sekondi mtunda wa buleki ndi mamita 10. Pa 20 ndi mamita 40. Pa 30 ndi mamita 90, bwalo la mpira pafupifupi lonse.

Njira ina yoonera: kugunda chinthu pa makilomita 36 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 5. Pa 72 n'chimodzimodzi kugwa mamita 20. Palibe kabaza amene angalole kudumpha mumtengo wa bulugama wotalika chotero, koma ambiri amanyamula mayi ndi mwana kumbuyo pa 72, onse mitu ili pamtunda.

Chitsanzo chimene ndimafuna kuti mwana aliyense apite nacho kunyumba ndi ichi. Njinga ziwiri zikulowa pa msika wa Chiringa pa msewu wouma, ina pa 36, ina pa 54. Mwana watulukira mamita 17 kutsogolo. Wa 36 ayenda mamita 10 akuganiza, mamita 7 akumanga buleki, ndipo aima tayala litatsala pang'ono kukhudza mwendo wa mwanayo. Wa 54 ayenda mamita 15 akuganiza, atsala ndi mamita awiri okha a buleki. Werengerani nokha: 15 × 15 ndi 225, chotsani 2 × 7 × 2 (7 ndi a wa pa msewu wouma, wochokera pa μ ya 0.7 ya mu ndime 6), mutsala ndi 197, ndipo muzu wake ndi 14. Agunda mwanayo pa mamita 14 pa sekondi, makilomita 50 pa ola. Pa wotchi ya liwiro adasiyana ndi 18 okha. Pa mwanayo adasiyana ndi 50.

6. Zindikirani kuti amaimitsa njinga ndi msewu

Apa ndi pamene mnyamata wanga uja adagwera. Buleki imangogwira tayala. Chimene chimaimitsa njinga ndi kugwirana kwa tayala ndi nthaka, kumene m'buku amati friction, pa kamalo kosaposa chikhatho cha dzanja. Kugwirana kumeneku kuli ndi malire ake, F = μmg, pomwe μ ndi nambala yosonyeza kukhakhala kwa malowo. Mukafika pa malirewo, ngakhale mutaimirira pa buleki, palibe chimene mukuwonjezera.

Mabuku amapereka μ wa pafupifupi 0.7 pa msewu wa tala wouma, 0.4 pa wonyowa, ndi 0.2 kapena kucheperapo pa matope. Ndi manambala ongoyerekeza, chifukwa amasintha malinga ndi tayala ndi msewu, koma ndi okwanira kutiunikira. Tikaphatikiza sekondi imodzi yoganiza, mitunda yoimira ili motere.

Msewu wa tala wouma: pa 36 mamita 17, pa 54 mamita 31, pa 72 mamita 49, pa 90 mamita 70.

Msewu wa tala wonyowa: pa 36 mamita 23, pa 54 mamita 43, pa 72 mamita 70, pa 90 mamita 103.

Matope: pa 36 mamita 35, pa 54 mamita 71.

Onani kuti woyenda 72 mvula ikugwa ali chimodzimodzi ndi woyenda 90 kuli dzuwa. Walira mvula walira matope, ndipo matope akuno si ocheza. Dothi la makande la m'chigwa cholowera ku nyanja ya Chilwa likanyowa limaterera ngati therere, limamatiranso m'mizere ya tayala mpaka tayala latsopano kusanduka ladazi.

Malo atatu oti muziwakayikira ngakhale akuoneka bwino. Poyamba, tala pa mvula yoyamba, pamene madzi angosungunula fumbi ndi mafuta a miyezi yonse ya chilimwe osazikokolola. Kachiwiri, polowera pamene msewu wafumbi ukukumana ndi wa tala, chifukwa ngolo ndi malole zimakokera mchenga pamenepo. Kachitatu, m'munsi mwa phiri pamene madzi amadutsa pamwamba pa msewu. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 tidaona mchenga ndi miyala zochokera kumapiri zitayalidwa m'misewu, ndipo mvula yamphamvu iliyonse imachita zomwezo mwapang'ono. Mchenga pa tala uli ngati nandolo wotayika pa simenti: tayala limagubuduka pamwamba pake osagwira pansi.

7. Musamange mpaka tayala kusiya kuzungulira

Tayala limene likuzungulirabe limagwira msewu bwino kuposa limene likukhukhuluzika. Choopsa koposa n'chakuti tayala lokhukhuluzika silimvera chiwongolero. Lakumbuyo likatseka, njinga imapita cham'mbali. Lakutsogolo likatseka, mumagwa musanadziwe. Mphamvu yaikulu ya buleki imapezeka tayala litatsala pang'ono kutseka, ndipo luso lonse ndi kukhala pamenepo. Finyani pang'onopang'ono ngati mukukama ng'ombe, kuyamba mofewa n'kumaonjezera. Mukamva tayala latseka, masulani pang'ono n'kugwiranso. Magalimoto okhala ndi ABS amachita okha zimenezi kangapo pa sekondi, ndipo chopondera chimanjenjemera kuphazi. Chikatero musachotse phazi. Njinga zambiri za kabaza zilibe ABS, choncho ABS yake ndi dzanja lanu.

Gwiritsani ntchito mabuleki onse awiri. Akabaza ambiri amaopa buleki yakutsogolo, ena amachita kuimasuliratu, ati imagwetsa. Koma pomanga buleki kulemera kumathamangira kutsogolo, n'chifukwa chake wokwera amakugundani kumsana. Tayala lakutsogolo limapanikizika pansi n'kugwira kwambiri, lakumbuyo limapepuka n'kutseka msanga. Pa msewu wouma wowongoka, gawo lalikulu la kuima limachokera kutsogolo, ndipo wodalira yakumbuyo yokha wataya dala mphamvu yambiri imene adali nayo. Mantha awo ali ndi pogwira pa mchenga, pa matope ndi pokhota. Kumeneko yakutsogolo igwireni mwaulemu, ndipo liwiro lichepetseni musanalowe pokhota.

8. Nkhani ya katundu: onse awiri akunena zoona

Chaka chilichonse mkangano uwu umabuka m'kalasi. Mwana wochenjera amaika F = μmg mu d = mv² ÷ 2F, m amafafanizika, ndipo amalengeza kuti kulemera kulibe ntchito. Mwana wina amene bambo ake amatenga chimanga pa njinga amati bodza limenelo. Ndimawasiya akangane kaye, chifukwa onse akulondola.

Malire alipo awiri, a msewu ndi a buleki yeniyeniyo, ndipo ochepawo ndi amene amalamulira. Ngati buleki ili ndi mphamvu yotha kutseka tayala ngakhale mutasenza, malire ndi msewu, ndipo katundu sasintha kwambiri mtunda chifukwa amawonjezeranso kugwira kwa tayala. Koma ngati buleki ndi timalabala tiwiri tofinya limu, mphamvu yake ndi yomweyo kaya mwasenza kaya ayi, ndipo katundu yense amalowa mu mtunda.

Tiyerekeze kuti mabuleki a njinga yakapalasa amapereka 200 N. Munthu ndi njinga akulemera makilogalamu 80, liwiro mamita 5 pa sekondi. Enaje ndi 1,000 J, mtunda mamita 5. Mangani pakaliyala matumba awiri a makilogalamu 50. Kulemera kwafika 180, enaje 2,250 J, mtunda mamita 11 ndi pang'ono. Minibasi yodzaza mpaka kondakitala kulendewera pakhomo, ndi lole imene yasenza nandolo kupitirira muyezo wake, zili m'gulu lomweli. Mabuleki ake adapangidwira kulemera kolembedwa pa galimotoyo.

9. Pa mtsetse, werengerani chimene phiri likulanda

Potsika, mbali ina ya kulemera kwanu imakukokerani kutsogolo ndipo imadya mphamvu ya buleki isanayambe ntchito. Pa mtsetse wotsika mita imodzi pa mamita 10 alionse, chikoka chimenechi ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse.

Bwererani ku njinga ija. Yopanda katundu, chikoka ndi 80 N, patsala 120 N, mtunda mamita 8. Yosenza matumba awiri, chikoka ndi 180 N. Mwa 200 N ija patsala 20 N yokha. Gawani 2,250 ndi 20: mamita 112. Kunena mwachidule, njingayo siima. Amuna amene mumawaona akutsika ndi nkhuni kapena makala pa msewu wa pa mpata wa Fort Lister, pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje, ali pansi akukoka njinga m'malo moikwera, sadalembe MSCE ambiri a iwo, koma samu iyi adaikhoza kalekale. Achinyamata amene amakwera n'kumaponda tayala ndi patapata ndi amene timakawaona kuchipatala.

Kwa oyendetsa magalimoto vuto ndi kutentha. Enaje sisowa, imangosintha, ndipo buleki imaisandutsa kutentha. Lole ya matani 10 ikatsika mamita 100 imayenera kutaya 10,000 × 10 × 100, ndiye kuti 10,000,000 J. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 25 kufika powira kumafuna 315,000 J. Ndiye kuti kutsika kumeneku kukhoza kuwiritsa malita oposa 30, chidebe chimodzi ndi theka. Moto wonsewo ukalowa m'mabuleki okha, mapadi amapsa n'kuyamba kuterera, mafuta a buleki amatha kuwira, ndipo chopondera chimangolowa pansi ngati mwaponda nsima. Fungo la chinthu chopserera ndilo chenjezo lomaliza.

Lowetsani giya yotsika musanayambe kutsika, kuti injini ithandize kugwira galimoto. Giya imene mungakwerere phirilo ndi imene muzitsikira. Mafuta akadula kapena kusowa, madalaivala ena amaika pa nyutulo, ena amazimitsiratu injini. Ndikumvetsa kuti thumba likuwawa, koma pa magalimoto ambiri injini ikazima chothandizira buleki chimatha mukangoponda kawiri kapena katatu, chiwongolero nacho chimauma. Wokwera, mukamva injini yati zii pa mtsetse, lankhulani. Si mwano.

10. Yesani pa bwalo la sukulu

Zofunika: njinga yakapalasa ya mabuleki abwino, tepi kapena chingwe chomanga mfundo pa mita iliyonse, phulusa lolembera mizere, foni yokhala ndi wotchi, ndi thumba la mchenga la makilogalamu 25 kapena kuposerapo.

Lembani mizere iwiri yotalikirana mamita 10. Wopalasa ayambire patali kuti pofika pa mzere woyamba liwiro likhale litakhazikika. Wina ayeze nthawi pakati pa mizere iwiriyi, ndipo liwiro ndi 10 kugawa ndi nthawiyo. Tayala lakutsogolo likangoponda mzere wachiwiri, amange buleki. Yezani kuchoka pa mzerewo kufika pamene waima. Chitani maulendo osachepera khumi pa maliwiro osiyanasiyana, wopalasa akhale yemweyo, kamangidwe ka buleki kakhale komweko.

Jambulani magirafu awiri. Wa mtunda ndi liwiro ukhota chokwera. Wa mtunda ndi v² uyandikira mzere wowongoka. Madontho sadzagwera pa mzere ndendende, ndipo musalole ana kuwakonza kuti aoneke bwino. Afunseni chifukwa chake abalalika. Adzatchula okha chala cha wogwira wotchi, dzanja la wopalasa ndi udzu wa pabwalo, ndipo phunziro la sources of error lathera pomwepo.

Kenako sinthani chinthu chimodzi pa nthawi: buleki yakumbuyo yokha, thumba pakaliyala, malimu othiridwa madzi. Ya madziyi imadabwitsa aliyense. Limu ya chitsulo ikanyowa, labala amangoseseleka kwa kanthawi asanayambe kugwira. Pomaliza ana akhudze limu ndi chala amve kufunda. Pa njinga yamoto musayese kukhudza, mungasiye khungu pomwepo.

Mbali ya kutsogolo kwa mzere ikhale yopanda anthu, ndipo liwiro lisapitirire la munthu wothamanga.

11. Yang'anani mabuleki m'mawa uliwonse

Pa njinga yakapalasa, finyani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga. Tayala lakumbuyo linyamuke. Finyani yakumbuyo, tayala likhukhuluzike. Chogwirira chikafika pa handulo, kungani waya kapena sinthani malabala. Limu yopindika iwongoletseni, chifukwa imakukakamizani kumasula buleki kuti tayala lizungulire. Mafuta a tcheni asafike pa limu.

Pa njinga yamoto ndi galimoto, onani mafuta a buleki, mverani kulira kwa chitsulo pa chitsulo, ndipo yang'anani mizere ya matayala. Ntchito ya mizereyo ndi kutulutsa madzi pansi pa tayala. Tayala ladazi likhoza kukunamizani chilimwe chonse n'kukutayani tsiku loyamba la dzinja. Pepala la COF lochokera ku Road Traffic limanena za tsiku limene galimoto idayezedwa, silinena za lero.

Mukawoloka mtsinje kapena chithaphwi chakuya, monga timachitira milatho ikakokoloka, yendani pang'onopang'ono mukugwira buleki mopepuka kwa mamita angapo kuti iume. Iyeseni pamalo opanda anthu musanaidalire.

12. Siyani mpata, ndipo usiku yezani nyali yanu

Galimoto yakutsogolo ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, yambani kuwerenga mosathamanga: thumba limodzi, matumba awiri, matumba atatu. Mukafika pa mtengowo musanamalize, mwayandikira kwambiri. Mvula ikamagwa werengani mpaka matumba asanu. Kumbuyo kwa minibasi onjezerani, chifukwa imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndipo si zonse zimene nyali zake za buleki zimayaka.

Oyenda pansi, makamaka ana a sukulu, auzeni manambala a mu ndime 6. Mwana amaganiza kuti dalaivala akamuona ndiye kuti aima. Mutengereni pa bwalo, muyeze naye mamita 49, aime kumapeto aone kutalika kwake.

Usiku simungaimire chinthu chimene simunachione, choncho mtunda wanu woimira uyenera kukwana mkati mwa kuwala kwa nyali. Madzulo ena imikani njinga pamalo athyathyathya, yatsani nyali, mnzanu wovala zakuda ayende kutsogolo mpaka musiye kumuona bwino, ndipo muwerenge mapazi. Ndi zovala zakuda dala, chifukwa wopalasa njinga wochokera ku chigayo kapena mayi wosenza mtolo wa nkhuni savala zowala. Mukapeza mamita 30, bwererani ku ndime 6: pa 54 mukufuna mamita 31, ndiye kuti mwapitirira kale. Pa msewu wouma musadutse 50, pamene mtunda ndi mamita 28. Kukagwa mvula tsikani kufika 40, pamene ndi mamita 27. Galasi la nyali likachita fumbi, lipukuteni n'kuyezanso.